Mafuta a Nguluwe pa Mivi ya Che Amadu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachita malonda anga oyamba akuluakulu, ndipo ndinagwa nawo chagada. Ndikunena ine Layisoni, amene ndakalambira pamsika wa ku Mbare ndikugulitsa mipini, zidebe, zingwe ndi misampha ya makoswe. Anzanga pamsikapo amati ndikhoza kumuvula munthu chipewa, n'kumugulitsa chipewa chomwecho, iye n'kuchoka akuthokoza. Akamatero ndimaseka nawo. Sadziwa kuti tsiku lina kamnyamata kosavala nsapato kanandipusitsa dzuwa likuswa mtengo, komboni yonse ikuonerera.

Inali nthawi ya Chitaganya. Makolo anga anachokera ku Ntcheu, koma ine ndinabadwira kudziko la eni komwe anakagwira ntchito, papulazi la fodya kufupi ndi Trelawney. M'komboni mwathu munali Achewa, Angoni ndi Ayao, ena Akhristu ena Asilamu, ndipo eni dziko onsefe ankangotitcha Mabhurandaya. Papulazipo munthu wakuda mfuti sankaigwira. Koma anyani ndi nguluwe za lamulolo analibe nazo ntchito, ankadya chimanga cha mzungu mwini pulazi ngati cha atsibweni awo. Mzungu atatopa analola kuti alonda a m'munda azikhala ndi mauta.

Ntchito ija inabala masewera. Lamulungu lililonse masana, Akhristu atabwera kopemphera, Asilamu ataswali, amuna ankakumana kuseri kwa mabalani owotchera fodya. Ankakoloweka pamtengo saka yodzaza ndi mapesi a fodya, pakati pake atajambula bwalo ndi khala, n'kumapikisana kulasa. Ankaitcha kalabu, poti azungu nawo anali ndi kalabu yawo komwe ankamenya kampira ndi ndodo. Anyamata ankatilola kuponya akuluakulu akatha, ndipo nafenso tinkawerengedwa kuti ndife a kalabu.

Mkulu wa kalabuyo anali a Kenala, kapitawo wa alonda, amene ankavala jasi lausilikali ngakhale mu Okutobala. Katswiri woponya anali Che Amadu, Myao wamtali wosalankhulalankhula, yemwe ankazinga ng'ombe ya poso, chakudya cholandira antchito, kuti Asilamu nawo adye nyama. Mwana wawo Saidi anali shamwali wanga, mnzanga wapamtima. Tinkakhala benchi imodzi m'chigafa tikumanga fodya, ndipo wina akapeza chinangwa chootcha chinkathyoledwa pakati popanda kupempha.

Muvi sunali chinthu chotaya. Nsonga yake tinkasula msomali waukulu pa chidutswa cha njanji, ndipo msomali sunkapezeka wamba. Bango tinkadula kudamu, nthenga zinali za nkhanga, zomata ndi phula. Mzungu sankafuna zida zigone m'komboni, choncho mauta ndi mivi zinkasungidwa m'kanyumba ka alonda pafupi ndi mabalani, munthu aliyense mtolo wake pa chikhomo chake. Vuto linali limodzi. Kuseri kwa saka ija kunali tsekera woposa munthu kutalika, ndipo muvi wophonya ukalowa m'menemo unkapita ngati mchere m'madzi. Amuna ankatha nthawi yaitali akusuzumira m'udzu kuposa yomwe ankaponya.

Ine ndekha sindinkataya muvi, chifukwa ndinali ndi Adzatopa. Anali galu wofiirira, khutu limodzi lopindika, yemwe ndinamutola ali kamwana mu ngalande. Dzinalo anamupatsa ndi amayi. Anansi akamadandaula kuti waba mazira, amayi ankangoti, “Asiyeni alankhule, adzatopa.” Ankandidikira pakhomo la chigafa tsiku lonse, ndipo ndikaponya muvi n'kuphonya ankalowa mu tsekera n'kubwera nawo kukamwa.

Chaka chimenecho, tili pakati posankha fodya, folomani analengeza kuti papulazi loyandikana nalo pamveka za chiwewe, komanso nkhosa za mzungu zalumidwa. Agalu onse a m'komboni achoke mwezi usanathe, wopezeka pambuyo pake awomberedwa. Otsala akhale a alonda okha, omwe a Kenala awatchule. Anthu anayamba kutumiza agalu awo kwa abale ndi kumidzi ya eni dziko. Ine ndinathamangira kwa a Kenala. Iwo sanafune kusenza okha nkhaniyo. Anati galu wa alonda ndiye kuti ndi galu wa kalabu, tsono kalabu ndiyo igamule ngati galu angamapezeke poponya mivi, ndipo idzagamula Lamulungu lomaliza la mweziwo, mpikisano waukulu wa pachaka ukatha. Ndinawerenga pazala: panali Malamulungu anayi pakati pa Adzatopa ndi mfuti.

Lamulungu loyamba nkhaniyo itakambidwa, ndinaona kuti katundu wanga alibe msika. Bambo wina woyendetsa thalakitala anati galu ndi galu, amadutsa kutsogolo kwa chandamale munthu atakoka kale nsinga. “Tsiku lina ndidzalasa galu wa eni ake, mudzati ndine mfiti.” Wina anati kuuwa kumanjenjemeretsa dzanja. Wina anamuyankha kuti dzanja lake limanjenjemera ndi mowa wa dzulo, asanamizire galu. Kenako analankhula Che Amadu.

“Galu ine sindidana naye, ndi cholengedwa cha Mulungu. Koma malovu ake kwa ife ndi odetsa. Muvi wodutsa m'kamwa mwa galu sindiugwira mpaka nditautsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Tsono a Kenala, ndizibwera kudzaponya kapena kudzachapa?”

Anthu anaseka. Ine ndinamva china m'mawu amenewo: munthuyu sanatseke chitseko, wangotchula mtengo. Ndinagwada monga mwana amachitira, n'kuwomba m'manja.

“Nanga Che Amadu, atati asamaugwire muviwo, azingokhala pomwe wagwera n'kuuwa?”

Anandiyang'ana kwa kanthawi. “Akatero, mwanawe, ndipo akamapeza mivi ya tonse, dzanja langa ndidzakwezera galu wako.”

Sabata yonseyo ndikaweruka ndinkamuphunzitsa. Akatsegula kukamwa kuti anyamule muvi, kamkwapulo pamphuno. Akakhala pansi n'kuuwa, kachidutswa ka chinangwa. Anali wanzeru, pofika Lachisanu anali atamva. Koma ndinatulukira vuto lina. Ankapeza mivi yanga yokha, chifukwa ankatsata fungo la manja anga. Ndinayesa ndi muvi wa Saidi, anaudutsa ngati mlendo pamseu.

Apa ndi pomwe nzeru zanga zinandipha. Masiku omwewo alonda anali atapha nguluwe m'munda, Akhristu n'kugawana nyama. Amayi anasungunula mafuta ake n'kuwasunga m'kachitini ka jamu. Akangotsegula kachitiniko, Adzatopa ankachita ngati wagwidwa mizimu. Loweruka masana, komboni yonse ili pamzere wolandira poso, ndinatapa mafutawo pa tsamba n'kulowa m'kanyumba ka alonda. Muvi uliwonse ndinaupaka kadontho kunsi kwa nthenga, pamwamba pake n'kupakapo mafuta a nsatsi omwe amunawo ankadzoza mauta, kuti mphuno ya munthu isamve. Ndinapita chikhomo ndi chikhomo. Pa mtolo wa Che Amadu ndinaima pang'ono, kenako ndinapaka.

Musandifunse ngati ndinkadziwa. Ndinkadziwa bwino lomwe. Saidi sankamwa ngakhale madzi kwathu sabata yomwe tadya nguluwe. Koma ndinadziuza zomwe wamalonda aliyense amadziuza akamabisa mng'alu wa chidebe ndi chala: chomwe wogula sakuchiona sichilowa pa mtengo. Ndinati, paja sakudya, akungogwira.

Lamulungu lachiwiri linali la zozizwitsa. Muvi ukangolowa mu tsekera, Adzatopa ankauluka, posakhalitsa tinkamva kuuwa, mwini wake n'kukaupeza galu atakhala pambali pake ngati msilikali. Kunyambita ankanyambita ndithu asanauwe, koma mu udzu wautali chotero ndani ankaona? Tsiku limenelo sipanatayike muvi ngakhale umodzi. A Kenala anati, “Galu ameneyu ali ndi nzeru kuposa folomani,” kenako anacheuka kuti aone ngati folomani ali pafupi. Ine chifuwa chinali kutsogolo ngati tambala.

Chinthu chimodzi chokha chinandisokoneza. Che Amadu anali ndi chizolowezi chomwe sindinachiganizire. Muvi ukabwera kuchokera m'udzu nthenga zitanyankhalala, ankaudutsitsa pamilomo kuti nthengazo ziwongoke. Ndinawaona akutero kamodzi, ndipo ndinayang'ana kumbali. Anaterokonso, ndinayang'ananso kumbali.

Loweruka lotsatira ndinabwereranso m'kanyumbamo, poti galu anali atanyambita zambiri. Ndili pakati pa ntchito, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Anali Saidi, atatumidwa kudzatenga uta wa bambo ake kuti akausinthe nsinga. Anayang'ana tsamba lija, anayang'ana mtolo womwe unali m'manja mwanga.

“N'chiyani chimenecho?”

“Nsatsi.”

“Nsatsi yoyera choncho? Iwe Layisoni, undiyesa mwana wa dzulo?” Anawerama n'kununkhiza, n'kubwerera m'mbuyo ngati waponda njoka. “Pa mivi ya baba? Ndikukanena pompano.”

Ndinamutchingira pakhomo. Ndikanalira, mwina akanandimvera chisoni. Ndikanapukuta mivi yonse pomwepo n'kukagwada kwa bambo ake, mwina nkhani ikanayenda mwina. Koma ine ndinachita zomwe ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse, ndinafufuza chomwe wogula akusowa. Ndipo ndinkachidziwa. Pa anyamata tonse woponya bwino ndinali ine, Saidi nthawi zonse wachiwiri. Mwana wa katswiri kumagonja kwa ine, mwana wa wosonkhezera moto m'balani, chinkamudya ngati chiswe. Chaka chimenecho mphoto ya anyamata inali mpeni wopinda wa chigwiriro chofiira, womwe a Kenala ankautulutsa m'jasi mwawo Lamulungu lililonse kuti titulutse malovu.

“Mpeni uja ukuufuna?”

Maso ake anathawira pa uta wa bambo ake, ine n'kupitiriza.

“Ndiphonya. Pamaso pa bambo ako, pamaso pa komboni yonse, upambana ndiwe. Iwe ungotseka pakamwa mpaka kalabu igamule. Ikangogamula ndipukuta mivi yonse ndipo sindidzapakanso. Adzatopa akhala ndi moyo, iwe ukhala ndi mpeni. Waluzapo ndani?”

Anakanda pansi ndi chala chakuphazi.

“Lumbira kuti uphonya.”

Ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kuchidutsitsa pakhosi, n'kuloza kumwamba. Iye anangogwedeza mutu, n'kutenga uta n'kutuluka. Ndinatsala ndikudzitama kuti ndagula bwino. Sindinaone kuti ine ndalumbira pamene iye wangogwedeza mutu. Lero mwana aliyense wogulitsa tomato amadziwa kuti kugwedeza mutu si kugula.

Sabata yotsalayo Saidi anasintha. Pabenchi ankakhala chakumapeto, chinangwa ankadya yekha kapena osadya n'komwe. Ine ndinkati ndi manyazi chabe, adzatha mpeni ukalowa m'thumba.

Lamulungu lomaliza linafika. Komboni yonse inakhamukira kuseri kwa mabalani, amayi ndi ana kumbuyo, zidebe za mahewu zili pamthunzi, fungo la fodya wouma lili tolo. Akuluakulu anaponya, ndipo monga mwa masiku onse anapambana Che Amadu. Kenako anyamata, mivi isanu aliyense. Ena onse anagwa msanga, tinatsala awiri, ine ndi Saidi.

Ndikuuzeni, kuphonya dala n'kovuta kuposa kulasa. Dzanja limadziwa njira yake ndipo limakana kunama. Itatu yoyamba ndinailasa m'bwalo kuti anthu asakayike. Wachinayi ndinaukankhira m'mphepete mwa saka. Bambo anga, omwe sanali a kalabu chifukwa cha mkono womwe unapsa m'balani, anali ataima kumbuyo akufuula, “Layisoni, dzanja! Dzanja, mwana wanga!” Wachisanu ndinakweza uta pang'ono, muvi n'kudutsa pamwamba pa saka kukagwera mu tsekera. Adzatopa anauthamangira n'kuuwa mokondwa, anthu n'kuseka kuti galu akumunyoza mbuye wake. Bambo anavula chipewa n'kuchivalanso.

Saidi analasa yake bwinobwino. A Kenala anamupatsa mpeni, amayi achiyao analuluta, Che Amadu anaika dzanja pamutu pake, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wamva mvula yoyamba. Ndinanena mumtima kuti ndalipira, tsopano ndilandire katundu wanga.

Amuna anakhala pa zitsa ndi pamabokosi, nkhani ya galu n'kuyamba. Inkayenda ngati yothira mafuta, pepani mawuwo. Wathalakitala uja anati iye walola, bola galu azimangidwa pamene anthu akuponya, azimasulidwa mivi ikatha. Wina anati kuyambira pomwe galuyu anayamba ntchito sanasulenso msomali. Kenako Che Amadu anaimirira.

“Ndinalonjeza mwanayu pamaso panu. Galu wake wachita zomwe tinapangana. Ine mawu anga sindibweza.”

Dzanja lawo linali litayamba kukwera pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Baba, musakweze.”

Anali Saidi, mpeni uli m'manja. Mwana kulankhula pabwalo la akulu asanamufunse chinali chinthu chachilendo, moti ngakhale makanda anaoneka ngati asiya kulira.

“Nunkhizani kunsi kwa nthenga. Layisoni wakhala akupaka mafuta a nguluwe. Mivi yonse, yanunso.”

Che Amadu anasolola muvi umodzi, n'kukanda kunsi kwa nthenga ndi chikhadabo, n'kununkhiza. Sanakalipe. Anaika muviwo pansi pang'onopang'ono, kenako anapukuta milomo yawo ndi kuseri kwa dzanja. Anapukutanso. Asilamu ena anaponya mitolo yawo pansi ngati ikutentha.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinalumpha. “Wakuba iwe! Bweza mpeni! Ndinaphonya dala kuti utseke pakamwa!” Motero ndinaulula ndekha mlandu wachiwiri womwe palibe anandifunsa. Anthu anati “Haa!” onse pamodzi. Bambo anga anakhala pansi pomwe anaimapo.

Ndinkayembekeza kuti mpeniwo awulanda, kuti tigwe tonse awiri. A Kenala anakoka fodya wawo wam'mphuno, n'kuyetsemula, n'kunena kuti, “Wophonya dala waphonya ndithu. Saka sidziwa za mumtima. Mpeni ndi wa Saidi.”

Ena ankafuna kuti nkhani ya galu ithere pomwepo. Amene anakana ndi Che Amadu omwewo. Anati galu alibe mlandu, anangotsata zomwe mphuno yake inamuuza, wopaka mafuta ali ndi manja. Amuna anang'ung'udza kwa kanthawi, kenako a Kenala anagamula. Galu akhoza kumabwera pakalabu, pachingwe, ndipo chingwecho agwire munthu wa kalabu amene adzamuyankhira kwa mzungu. Koma Layisoni kuyambira lero si wa kalabu, uta wake utsike pachikhomo.

“Tsono amene akufuna kugwira chingwe cha galuyu abwere achitenge,” anatero.

Ndinaimirira pakati pa bwalo nditatambasula dzanja, chingwe cha luzi chili lendelende. Ndinayang'ana wathalakitala uja, iye anayamba kufufuza minga kuphazi. Ndinayang'ana yemwe ankadzitama kuti sanasulenso msomali, anali akuyang'ana mitambo. Akhristu sakanachitenga, chifukwa mawa lake anayenera kudzagwira ntchito ndi kudya nyama ya poso pamodzi ndi anthu omwe ndinawadetsa. Asilamu sakanachitenga. Zimenezi ndikuzimvetsa lero, tsiku limenelo ndinangoona amuna akuluakulu omwe galu wanga anawatumikira akubisa manja m'khwapa.

Ndinayesa kunenerera ngakhale pamenepo. Ndinati wochitenga ndidzamutungira madzi chaka chonse, ndidzamudulira bango, ndidzamusakira nthenga.

“Msika watsekedwa, mwanawe,” anatero a Kenala.

Pomaliza ndinayang'ana Saidi. Anali wa kalabu, anali atangopambana, ndipo bambo ake anali atanena okha kuti galu alibe mlandu. Kugwira chingwe si kugwira malovu. Akanangotambasula dzanja. Iye anali akutsegula mpeni uja n'kuutseka, kuutsegula n'kuutseka, maso ali pansi. Adzatopa ankagwedezera mchira aliyense, akudikira kuti wina aponye muvi.

M'mawa mwake kunadutsa bambo wina wachikorekore, mmodzi wa eni dziko, wogulitsa miphika, akubwerera kwawo cha ku Sipolilo, komwe lero timati Guruve. Bambo anga anamupatsa galuyo. Anamumanga kumbuyo kwa chikochikale, ngolo ya mkuluyo, ndi chingwe chomwe chija. Mkuluyo, poona nkhope yanga, anafuna kundipatsa kamphika kakang'ono. Ndinakana, ndipo m'moyo wanga wonse ndi tsiku lokhalo lomwe ndinakana basela. Ngolo itayamba kuyenda Adzatopa anakanira miyendo pansi mpaka chingwe chinamukoka, kenako anayenda chammbali, khutu lopindika lija lili kwa ine, mpaka anakhota pa mabulugamu. Sindinamuonenso.

Bambo sanandimenye. Madzulo a tsiku lomwelo anandigwira pamkono n'kupita nane kwa Che Amadu, n'kundisiya kumeneko. Asilamu a kalabu anali atasonkhanitsa mivi yawo, ndipo ine ndinkatunga madzi iwo akutsuka, kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Phula linamatuka, nthenga zinathothoka, ntchito ya miyezi yambiri inasanduka mabango wamba. Che Amadu yawo sanaitsuke n'komwe. Anazula nsonga n'kuziika pamoto, mabango n'kuwatentha. Ndikutsitsa chidebe chomaliza anandiitana.

“Mwanawe, unandiona ndikuwongola nthenga ndi milomo?”

“Eya.”

“Kangati?”

Ndinayang'ana m'chidebe. Anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndizipita. Chikoti chikanapola msanga.

Saidi sindinalankhule nayenso. Ndinasamuka pabenchi, ndipo ndikamuona akusenda nzimbe ndi mpeni wofiira uja ndinkapatuka njira. Chaka chotsatira banja lawo linasamukira ku mapulazi a ku Centenary.

Panapita zaka zambiri, dziko linasintha dzina, ine n'kumera imvi. Tsiku lina pamsika panaima nkhalamba ya kofia yoyera ikusankha mpini wa khasu. Inatseka diso limodzi n'kuuloza kutsogolo kuti ione ngati ndi wowongoka, ndendende momwe tinkayesera bango la muvi. Tinayang'anana.

“Layisoni wa galu,” anatero.

“Saidi wa mpeni.”

Tinafunsana za akufa ndi amoyo monga mwa mwambo. Koma ine funso langa linali litadikira nthawi yaitali, ndipo sindinalikulunge.

“Unandigulitsiranji?”

“Sabata yathunthu ndinkawaona baba akutsuka m'kamwa kuti aswali, ine ndikudziwa zomwe zadutsa pamilomo pawo. Chakudya sichinkatsika. Nditaona dzanja lawo likukwera kuti akuthokoze, ndinalephera.”

“Zimenezo ndamva. Koma ukanakanena Loweruka lomwe lija. Ndikanamenyedwa, n'kutsala ndi masiku opezera galu wanga njira ina. Iwe unadikira kaye mpeni.”

Anatembenuza mpini uja m'manja. Ndinkadikira kuti adzikanire, kuti ndimugwetse bwino. Sanatero.

“Eya. Ndinadikira mpeni.”

“Nanga chingwe?”

“Chingwenso sindinatenge.”

“Mpeniwo ukadalipo?”

“Unathyoka mwezi womwewo. Unali wachabechabe, shamwali.”

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti misoziyo inali ya chiyani. Kenako anafunsa mtengo wa mpini. Ndinamutchulira mtengo wa alendo, uja timatchulira munthu wotsika basi ndi sutikesi, kuti tikangane pang'ono, anditukwane, ndimutukwane, titsitsirane monga anthu. Iye anangopisa m'thumba n'kupereka osanenerera, n'kunyamula mpini wake n'kulowa m'chigulu cha anthu. Wamalonda aliyense akuuzani kuti palibe chipongwe choposa chimenecho. Kapena mwina kunali kupepesa. Kwa zaka zonsezi sindinasankhe kuti chinali chiti.

Chomwe ndikudziwa tsopano ndi ichi. Ndinagula chinthu chomwe wogulitsa sanali mwini wake. Chinsinsi chija sichinali cha Saidi kuti angachigulitse, chinali cha milomo ya bambo ake, ndipo katundu wotere mwini wake amadzamulondola, kaya walipira bwanji. N'chifukwa chake lero munthu akandibweretsera chinthu chotchipa ndimayamba ndamufunsa kuti, n'chako? Ndikudziwanso kuti woyamba kupereka mnzake ndinali ine, pamene ndinaima pa mtolo wa munthu amene anandilonjeza dzanja lake, n'kupaka. Zonsezi ndimavomera. Koma kuvomera sikunachotse chija cha pabwalo. Saidi anadya mbali ziwiri, analandira mpeni n'kutsukanso mtima wake, ndipo amene analipira zonsezo ndi galu yemwe sanapangane ndi munthu aliyense. Amati tsabola wakale sawawa. Wanga akuwawabe.

Pa katundu wanga yense ndimanenerera mpaka wogula atuluke thukuta. Koma munthu akabwera n'kunena kuti akufuna chingwe chomangira galu, ndimamusankhira cholimba, iye n'kutchula yekha mtengo. Anzanga amati pamenepo ndiye pamaonekera ukalamba wa Layisoni. Ine ndimangomupatsa chingwecho m'manja, n'kudikira mpaka ndione kuti wachigwira.